Mawu oyamikira a pachikuto cha buku: umboni kapena chipereganyu?

Ukatola buku limene sunaliwerengepo, kaya m'sitolo ya mabuku kaya pamulu wa mabuku akale amene mavenda amayala m'mbali mwa msewu, dzanja limalitembenuza lokha. Kuseri kwa chikuto umapeza mizere itatu kapena inayi, uliwonse uli ndi dzina la mlembi wotchuka kumapeto kwake. Wina akuti sanagone mpaka atalimaliza. Wina akuti buku lotere limabwera kamodzi pa m'badwo. Wina akuti munthu aliyense ayenera kuliwerenga. Ndalama imene ili m'thumba ndi ya buku limodzi basi, ndipo ukudziwa kuti ukasankha molakwika palibe wokubwezera. Pamenepo mtima umafunsa: anthu awa, amene sindinawaonepo ndi maso koma mayina awo ndimawalemekeza, akundiuza zoona?

Funso limeneli ndakhala nalo kwa zaka, chifukwa ndine mmodzi wa anthu amene amagula buku ndi ndalama imene ikanagula ndiwo. Pamene ndafika ndi apa: ambiri mwa alembi oyamikirawa sanama, koma si oweruza. Ali ngati malume amene waperekeza mphwake kukafunsira mbeta. Akamauza akuchikazi kuti mnyamatayu ndi wolimbikira kumunda sakupeka, anamuonadi akulima. Koma sanabwere kudzayala zonse pamphasa. Anabwera kudzamuimira. Akuchikazi anzeru amamvetsera mwaulemu, amayeza ngati malumewo ndi munthu wodalirika pakamwa, kenako amatuma wina kuti akafufuze kumudzi kwa mnyamatayo. Mawu a pachikuto ndi ofunika kuwamva chotero, ndipo kuti uwamve chotero uyenera kudziwa njira imene amadzera.

Owerenga ambiri amaganiza kuti mlembi wotchukayo anagula bukulo, n'kuliwerenga, mtima n'kumudumpha, ndiye n'kutenga cholembera mwa kufuna kwake. Kawirikawiri sizikhala choncho. Ku America ndi ku Britain, kumene mwambowu unazika mizu kwambiri, ntchito imayamba miyezi ingapo buku lisanatuluke, nthawi zina theka la chaka kapena kuposerapo. Kampani imasindikiza makope ochepa oyeserera, zolakwika zina zikadali momwemo, kapena imangotumiza zolembazo pa imelo. Mlembi, mkonzi wake ndi ejenti wake, yemwe ndi munthu womuyendera za malonda kumakampani osindikiza, amakhala pansi n'kulemba mayina. Zimene amafunsana pamenepo si zakuti ndani angaliweruze bukuli mwachilungamo. Amafunsana kuti ndani tikumudziwa, ndani angavomere, ndipo ndi dzina liti limene lingaimitse munthu wodutsa.

Ndiye makalata amapita kwa mphunzitsi amene anaphunzitsa mlembiyo luso lolemba ku yunivesite, kwa mnzake amene anadya naye mbale imodzi kumsonkhano wa alembi, kwa mlembi wamkulu amene mabuku ake amatuluka kukampani yomweyo kapena ali m'manja mwa ejenti yemweyo. Tiyerekeze kuti apempha anthu 15. Ena sayankha n'komwe. Ena amayamba kuwerenga, bukulo osawagwira mtima, n'kubweza mwaulemu kuti ntchito yawachulukira. Anayi amatumiza mawu okoma. Iwe wogula umaona anayi okhawo. Amene anakana sudzawadziwa, ndipo chimene anakanira sudzachimva.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, moti ndikufuna tichedwepo pang'ono. Ngakhale aliyense mwa anayiwo atanena zoona zochokera pansi pa mtima, chikutocho sichingakuuze ngati bukulo ndi labwino, chifukwa kawirikawiri chikuto sichinyamula madandaulo a munthu amene bukulo linamutopetsa. Buku lokoma kwambiri limatuluka ndi mayina anayi olitamanda. Buku lapakatikati nalo limatuluka ndi mayina anayi olitamanda. Sikelo imene imasonyeza kulemera kofanana pa thumba lililonse mwina sinakonzedwe kuti ibere munthu, komabe singakuthandize kusankha thumba. Chimene mayinawo akukuuza motsimikiza n'chakuti mlembiyu ali ndi anthu, kapena kampani yake yaikapo mphamvu. Zimenezo si zachabe, koma si zimene iwe unkafunsa.

Za ndalama tinene poyera, chifukwa ena amaganiza kuti mayinawa amagulidwa. Kumakampani odziwika woyamikira salipidwa. Amataya masiku ake kuwerenga buku la wina, lake lili chiimire patebulo. Koma ngongole si ya ndalama yokha. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Amene wakulembera mawu chaka chino, buku lake likamatuluka pakatha zaka ziwiri adzagogoda pakhomo pako, ndipo kumukana kumakhala kolemera. Chimakhala chipereganyu: lero tilima kwako, mawa kwanga. Magazini ya Spy ya ku New York, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, inali ndi danga lapadera loika mawu awiri moyandikana, apa wakuti akutamanda buku la uje, apa uje akutamanda buku la wakuti. Kungowaika pamodzi kunali kokwanira.

Komabe sindikufuna kuwanamizira. Alembi a mtundu umodzi wa mabuku ndi ochepa ndipo amadziwana. Nthawi zambiri ubwenzi wawo unayamba chifukwa chokondana zolemba, osati kuti anayamba kukonda zolemba chifukwa cha ubwenzi. Munthu akhoza kukhala mnzako n'kukhalanso wonena zoona. Chovuta n'chakuti wowerenga sauzidwa za ubalewo, ndiye amalandira mawu a malume ngati mawu a mlendo wodutsa.

Palinso china chimene owerenga ambiri sachidziwa. Mawu amenewa sayamba ndi iwe. Buku lisanafike m'sitolo liyenera kudutsa m'manja mwa anthu ambiri amene alibe nthawi yowerenga buku lililonse: ogwira ntchito yotsatsa mabuku m'kampani momwemo, eni masitolo amene ayenera kuganiza kuti aitanitse makope angati, akonzi a nyuzipepala amene amasankha buku loti aliunike pakati pa mulu wofika sabata iliyonse, oyang'anira malaibulale. Kwa anthu amenewa dzina lalikulu ndi chizindikiro chakuti buku ili musalilumphe. Ikamafika nthawi yoti iwe uliwerenge kuseri kwa chikuto, mawuwo amakhala atagwira kale ntchito yawo yaikulu, yomwe ndi kulifikitsa bukulo pamene dzanja lako lingalifikire.

Mchitidwewu ndi wakale, ndipo unali ndi kachilema kuyambira pachiyambi. Mu 1855 Walt Whitman, mlakatuli amene panthawiyo sankadziwika, anasindikiza yekha ndakatulo zake ku Brooklyn m'buku lotchedwa Leaves of Grass, n'kutumiza kope kwa Ralph Waldo Emerson, mmodzi wa alembi olemekezeka kwambiri ku America masiku amenewo. Emerson anayankha ndi kalata ya pa 21 July chaka chomwecho, yomulonjera Whitman pachiyambi pa ntchito imene iye ankaona kuti idzakhala yaikulu. Inali kalata ya munthu kwa munthu. Whitman sanapemphe chilolezo. Kalatayo inatuluka m'nyuzipepala, ndipo pamene bukulo linkasindikizidwanso mu 1856 anadinda chiganizo chimodzi cha m'kalatamo ndi zilembo zagolide pamsana pa buku, pamene pamaonekera likaimikidwa pa shelefu, dzina la Emerson lili m'munsi mwake. Emerson sanakondwere nazo. Taonani kuti nkhani imodziyi yanyamula mbali zonse ziwiri. Emerson ananena zoona, ndipo mbiri inamuvomereza, chifukwa bukulo lero lili pakati pa mabuku aakulu a ndakatulo za Chingerezi. Koma buku la 1856 linali ndi ndakatulo zatsopano zambiri zimene Emerson anali asanazione pamene ankalemba kalata ija, ndipo wogula analibe njira yodziwira zimenezo.

Dzina lenilenilo la Chingerezi la mawu oterewa, blurb, linabadwa ngati chipongwe. Mu 1907, paphwando la ogulitsa mabuku ku America, mlembi wa nthabwala Gelett Burgess anagawa buku lake litavekedwa chikuto chapadera. Panali chithunzi cha mtsikana ataika dzanja pakamwa ngati akufuula, atamupatsa dzina lakuti Belinda Blurb, ndi mawu otamanda bukulo mopyola muyezo. Ankaseka makampani. Makampaniwo anatola dzinalo n'kupitiriza. Pofika 1936 George Orwell anali kudandaula kuti matamando osefukira akupha mabuku a nkhani zopeka ku Britain. Mfundo yake inali yakuti buku lililonse likamalengezedwa kuti ndi la mlembi wanzeru zakuya, wowerenga amatopa n'kuyamba kuganiza kuti onse ndi zinyalala. Iye ankanena makamaka za ounika mabuku m'nyuzipepala, koma matenda ake ndi omwewo. Ng'oma ikamalira tsiku lililonse, anthu amasiya kutuluka m'nyumba.

Nanga woyamikirayo amakhala atawerengadi? Ambiri amawerenga, ena mpaka kulemba m'mphepete. Ena amawerenga mitu ingapo. Mlembi wotchuka amalandira mapempho ochuluka kuposa mabuku amene munthu angamalize, ndipo aliyense amabwera ndi tsiku lake lomalizira. Gary Shteyngart, mlembi wa ku America wobadwira ku Leningrad, anayamikira mabuku oposa 100, moti anthu anatsegula tsamba la pa intaneti longosonkhanitsa mawu ake oyamikira, ndipo mu 2014 analengeza kuti akusiya. Ndimakhulupirira kuti ankachita zimenezo ndi mtima wothandiza alembi atsopano, ndipo mtima umenewo ndi wabwino. Koma dzina likapezeka pa zikuto zambiri chotero limapepuka, ngati siginecha ya mfumu imene imasainira kalata ya aliyense wobwera.

Nkhani imene inandisonyeza bwino malire a mayina aakulu ndi ya American Dirt, buku la Jeanine Cummins limene linatuluka mu January 2020. Limakamba za mayi wogulitsa mabuku ku Acapulco, ku Mexico, amene akuthawa ndi mwana wake kulowera ku United States zigawenga zitapha abale awo. Linabwera ndi mayina olemera: Stephen King, John Grisham, Sandra Cisneros, ndi Don Winslow amene analiyerekeza ndi buku lotchuka la John Steinbeck lonena za anthu osamuka chifukwa cha umphawi. Oprah Winfrey, mayi wotchuka wa pa wailesi ya kanema ku America, analisankha kuti likhale buku la kalabu yake ya owerenga. Koma alembi ambiri a ku Mexico ndi ochokera m'mabanja a kumeneko, kuyambira ndi Myriam Gurba, ananena kuti Mexico wa m'bukumo ndi wa mlendo, wodzala ndi zithunzi zimene anthu akunja amakhala nazo kale m'mutu. Mkangano unakula mpaka kampani inathetsa ulendo wa mlembiyo wotsatsa bukulo. Katswiri wa mafilimu Salma Hayek, amene anajambulitsa atanyamula bukulo, anapepesa poyera kuti analichemerera asanaliwerenge.

Sindikunena kuti King kapena Grisham ananama. Iwo ndi akatswiri a nkhani zothamangitsa magazi, ndipo anachitira umboni chimene amachidziwa: kuti bukulo limakoka munthu kutsegula tsamba lotsatira. Owerenga ochuluka anavomerezana nawo, bukulo linagulidwa kwambiri. Cisneros, yemwe ndi wa m'banja lochokera ku Mexico, sanabweze mawu ake. Koma funso lakuti kodi Mexico wafotokozedwa moona silinali la King kuliyankha, ndipo chikuto sichisiyanitsa mafunso awiriwa. Chimangoika mayina pamzere. Kandimverere anakanena za m'maluwa: amene wam'tuma kuti akakumvere amabweretsa zimene makutu ake anatola, osati zimene iwe ukanafunsa.

Pali mtundu wina wa mawu a pachikuto umene ndi wosiyana, ndipo apa ndiye mtima wanga suleza. Awa si mawu opemphedwa kwa mnzako, ndi zidutswa zodulidwa mu ndemanga za m'nyuzipepala. Ndemanga ya wounika mabuku imayenera kukhala yodalirika kuposa mawu a mnzako, popeza iye ali ndi ufulu wonena kuti buku silinakome. Koma lumo lili m'manja mwa kampani. Mu August 2023 kunabuka phokoso ku Britain pa chikuto cha buku la Jordan Peterson lotchedwa Beyond Order. James Marriott wa nyuzipepala ya The Times ndi Johanna Thomas-Corr amene analemba mu New Statesman onse analidzudzula bukulo kwambiri, koma kuseri kwa chikuto kunaikidwa timawu tawo tochepa tokoma, todulidwa mwaluso moti wowerenga akanaganiza kuti analikonda. Onse awiri anadandaula poyera, ndipo bungwe la alembi la Society of Authors linadzudzula mchitidwewo. Kuyambira pamenepo ndikaona timadontho titatu pakati pa chiganizo cha pachikuto, kapena liwu limodzi lokha ngati "lodabwitsa" litaima palokha, ndimadzifunsa kuti chimene chachotsedwapo n'chiyani. Chinthu chikhoza kudabwitsa chifukwa cha kukoma, chikhozanso kudabwitsa chifukwa cha kuipa.

Wina angati, ndiye tingowataya onse. Ine ayi, chifukwa ndikudziwa mawu a pachikuto amene anali oona ndi olemera. Pamene Half of a Yellow Sun ya Chimamanda Ngozi Adichie inkatuluka mu 2006, Chinua Achebe analemba kuti nzeru sitimaziyembekezera kwa oyamba kumene, koma apa pali mlembi watsopano amene ali ndi mphatso ya ofotokoza nthano akale. Bukulo limakamba za nkhondo ya Biafra, nkhondo yapachiweniweni ya ku Nigeria ya 1967 mpaka 1970. Achebe anaiona nkhondoyo ndi maso ake, anatumikira mbali ya Biafra, ndipo anataya anzake mmenemo. Adichie anabadwa nkhondoyo itatha kale. Munthu ngati Achebe akanena kuti mwana uyu wailongosola bwino nkhani yathu, akuika pachiswe dzina lake pa chinthu chimene amachidziwa kuposa wina aliyense. Umenewo ndi umboni. Ngakhale apa kuyandikana kunalipo, popeza onse ndi Aigbo ndipo Adichie anakulira ku Nsukka m'nyumba imene banja la Achebe linkakhalamo kale. Kuyandikanako sikunachotse choonadi. Bukulo linapambana mphoto ya Orange mu 2007 ndipo likuwerengedwabe. Chimodzimodzi pakati pa alembi akuda a ku America, pamene Toni Morrison ananena mu 2015 kuti Ta-Nehisi Coates wadzaza malo amene malemu James Baldwin anasiya: Morrison ankamudziwa Baldwin, ndipo ankadziwa kulemera kwa zimene akunena.

Pali chitsanzo china chimene ndimachikonda chifukwa chinachitika ngati mayeso amene palibe anawakonza. Mu April 2013 kunatuluka buku la nkhani ya munthu wofufuza milandu payekha lotchedwa The Cuckoo's Calling, la mlembi wosadziwika, Robert Galbraith. Val McDermid, mmodzi wa akuluakulu a mabuku a mtundu umenewu ku Britain, analiyamikira osadziwa kuti mwini wake ndani. Bukulo linagulidwa makope osindikizidwa pafupifupi 1,500 okha. Mu July nyuzipepala ya The Sunday Times inaulula kuti Galbraith ndi J.K. Rowling, mlembi wa mabuku a Harry Potter, ndipo m'masiku ochepa bukulo linakwera pamwamba penipeni pa mabuku ogulidwa. Apa pali zinthu ziwiri. McDermid anayamikira ntchito, osati dzina, kusonyeza kuti kuyamikira koona kulipo. Komanso mawu ake oonawo sanasunthe anthu ambiri. Chinawasuntha ndi dzina la mwini buku. Mphamvu ya mawu a pachikuto pa wogula wamba ndi yocheperapo kuposa mmene alembi amaopera akamavutika kuwafunafuna.

Mbali imene imandipweteka kwambiri si ya wowerenga wonamizidwa, koma ya mlembi amene alibe malume. Kuyambira kalekale, amene amafunsidwa kuti abwere ndi omuikira umboni ndi amene dziko silimukhulupirira. Mu 1773, pamene ndakatulo za Phillis Wheatley zinkasindikizidwa ku London, mtsikana wobedwa ku Africa ali mwana n'kugulitsidwa ukapolo ku Boston, bukulo linayenera kunyamula chikalata chosainidwa ndi amuna 18 olemekezeka a mumzindawo chotsimikiza kuti analembadi yekha. Ifenso tili ndi nkhani yathu. Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo m'chilankhulo chathu chino, ndipo bukulo linapambana pampikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa. Litamasuliridwa m'Chingerezi ndi Thomas Cullen Young n'kutuluka ku London mu 1934 ndi mutu wakuti Man of Africa, linanyamula mawu oyamba a Julian Huxley, wasayansi wotchuka wa ku Britain. Huxley sanali katswiri wa moyo wa m'mudzi wa Achewa kuposa Ntara. Koma owerenga a ku London ankadziwa Huxley, Ntara samamudziwa, ndiye dzina la mlendo ndi limene linamutsegulira chitseko mwini nkhani. Patapita zaka 75, buku la William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, lonena za makina a mphepo amene anapanga, linatuluka ku America mu 2009 litanyamula mawu a Al Gore, amene kale anali wachiwiri kwa pulezidenti wa dzikolo.

Sindinyoza amene anabwereketsa mayina awo. Anachita bwino, ndipo popanda iwo mabuku amenewa mwina akanafika kwa anthu ochepa. Koma lingalirani za mlembi waluso amene ali ku Dedza kapena ku Chipata, kapena m'tauni yaing'ono ya ku America komweko, amene sanaphunzirepo pansi pa mlembi wotchuka ndipo alibe wom'lembera kalata. Buku lake likatuluka ndi chikuto chopanda mayina, wogula amaliona ngati lopanda mboni, pamene vuto lake n'lakuti mwini wake alibe adiresi ya anthu oyenera. Wowerenga akamasankha potsata mayina amakhala akuthandiza kukweza amene ali kale pamwamba, mosadziwa.

Zimenezi ndi zimene Sean Manning, mkulu wa nthambi yaikulu ya kampani ya Simon & Schuster ku New York, ananena mu January 2025 m'magazini ya Publishers Weekly, polengeza kuti nthambi yake sidzakakamizanso alembi kufunafuna mawu oyamikira. Anati mwambowu umadya nthawi imene alembi akanalembera mabuku awo, ndipo umapereka mphoto kwa odziwana ndi anthu m'malo mwa aluso. Anakumbutsanso kuti mabuku ambiri otchuka a kampaniyo anatuluka koyamba opanda mawu oterewa. Sanawaletse. Anati mlembi akawerenga buku n'kulikonda yekha, mawu ake adzalandiridwa. Alembi ambiri anapumira m'mwamba. Ena anayankha kuti kwa mlembi woyamba kumene, amene kampani yake ilibe ndalama zomutsatsira, chiganizo chimodzi cha munthu wodziwika ndiye khasu lokhalo limene ali nalo, ndipo kulichotsa kungapweteke yemweyo amene akufuna kumuteteza. Mbali zonse ziwiri ndikuzimva. Ndipo chosankha cha nthambi imodzi sichinasinthe mashelefu: lowani m'sitolo lero, zikuto zikadali zodzaza.

Kwathu kuno mwambowu umavala malaya ena. Mabuku athu ambiri amasindikizidwa ndi eni ake, ndipo m'malo mwa mizere ya kuseri kwa chikuto timakonda mawu oyamba olembedwa ndi abusa, a pulofesa, a bwana a kuntchito kapena wandale, amene kawirikawiri amadzakhalanso mlendo wolemekezeka tsiku lokhazikitsa bukulo. Timadziwana, timakumana kutchalitchi ndi kumaliro, ndipo ulemu wathu sulola kuti munthu akubweretsere ntchito ya zaka zitatu iwe n'kumuuza kuti siyinapse. Ndinapemphedwapo ndi mnzanga kuti ndilembe mawu ochepa pa buku lake la ndakatulo. Ndinaliwerenga lonse. Ndakatulo zina zinandigwira pakhosi, zina zinkafunika kuziphikanso. Ndinamuuza zonse pamaso, koma pachikuto ndinalemba za zoyamba zija zokha. Palibe liwu labodza limene ndinalemba, ndipo mpaka lero ndikhoza kuimirira pa lililonse. Komabe wogula amene anakhulupirira dzina langa anamva theka la zimene ndinkadziwa. Kuyambira tsiku limenelo ndimawerenga mawu a ena ndikukumbukira mmene anga anabadwira.

Ndiye ndikagwira buku ndimayamba ndatsegula kumapeto kapena kumayambiriro, patsamba limene mlembi amathokoza anthu. Ngati mayina a pachikuto akupezekanso pamenepo, ndadziwa kuti ndikumva abale. Sindilitaya bukulo chifukwa cha zimenezo, ndimangochotsera pa kulemera kwa mawuwo. Kenako ndimaona ngati akunena za buku lomweli kapena za mlembi chabe, chifukwa makampani amakonda kunyamula matamando a buku lakale n'kuwaika pa latsopano, ndipo nthawi zina amalemba ndi tizilembo tating'ono kuti mawuwa ndi a buku lina. Mawu amene ndimawakhulupirira kwambiri ndi amene sangakwane pa buku lina lililonse: otchula munthu wa m'nkhanimo, kapena chinthu chimene mlembi wachita ndi chilankhulo, kapena funso limene bukulo lasiya m'mutu. Amene wawerenga mpaka kumapeto amakhala ndi kanthu kogwirika kokamba. Amene wangodutsamo amathawira ku mawu akuluakulu oti "lamphamvu", "losaiwalika", amene ukhoza kuwamatula apa n'kuwamata pa buku loyandikana nalo osasintha kanthu.

Chothandiza china, chimene anthu amachipeputsa, n'chakuti mayinawo amakuuza mtundu wa buku ngakhale sakuuza ubwino wake. Ukaona olemba nkhani zoopsa atatu pachikuto, wadziwa chakudya chimene chili m'mbale. Ngati umakonda zolemba za woyamikirayo, mwayi ulipo woti ukonda ndi ichi, chifukwa kampani inasankha dzinalo ikuganizira owerenga ngati iwe.

Pa mabuku a nkhani zopeka kulakwitsa kumangokudyera ndalama ndi masiku angapo. Pa mabuku a zaumoyo, a kasungidwe ka ndalama, a zaulimi kapena a mbiri, ndimakhwimitsa kwambiri, chifukwa munthu akhoza kusiya mankhwala kapena kugulitsa munda potsata zimene wawerenga. Pamenepo kutchuka kwa woyamikira kulibe ntchito. Woimba kapena mlaliki wodziwika akayamikira buku la matenda a shuga, wachitira umboni kuti linamusangalatsa, osati kuti zolembedwamo n'zoona. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndimafuna kuona dzina la munthu amene ntchito yake ndi yomweyo, amene anzake a ntchito angamufunse ngati wavomereza zolakwika.

Ena amati tisiye za pachikuto tidalire nyenyezi ndi ndemanga za owerenga pa Amazon kapena Goodreads. Kumeneko kuli ubwino umodzi waukulu, wakuti amene sanalikonde buku nawonso amalankhula. Koma nakonso kuli mabodza ake. Mu 2012 mlembi wa ku Britain R.J. Ellory anagwidwa akudzilembera yekha matamando pa Amazon ndi mayina onamizira, uku akupeputsa mabuku a anzake, ndipo anapepesa. Vuto la ndemanga zabodza linakula mpaka boma la America linakhazikitsa lamulo loletsa kugula ndi kugulitsa ndemanga zotere, limene linayamba kugwira ntchito mu October 2024. Woyamikira wa pachikuto ali ndi ubwino woti wasaina dzina lake lenileni, ndipo akatipusitsa kawiri timamukumbukira. Ine ndikapita pa intaneti ndimalumpha a nyenyezi zisanu ndi a nyenyezi imodzi, ndimawerenga apakati, chifukwa ndi amene amanena chimene chinakoma ndi chimene chinawavuta.

Zonsezi zikatha ndimatsegula bukulo. Tsamba loyamba limakhala lopukutidwa kwambiri, mlembi ndi mkonzi analibwereza kambirimbiri, choncho ndimawerenga limenelo kenako ndimalumphira chapakati, pamene mlembi anali atatopa ndipo palibe amene ankamuyang'ana. Ngati ndime ziwiri za pamenepo zikundikoka, ndimafunsa mtengo. Ngati buku lili lomata m'pepala la pulasitiki, kapena ndikuitanitsa kudzera kwa m'bale amene ali ku Johannesburg, ndimayamba ndafufuza masamba oyambirira amene masitolo ambiri a pa intaneti amaonetsa kwaulere, kenako ndimatumiza uthenga kwa anzanga awiri amene amadziwa mabuku amene ndinawasiyira panjira, n'kuwafunsa ngati ili analimaliza.